Mchere wa Towela

Mlamu wanga Towela sakhulupirira dzanja la munthu wina. Ukatseka chitseko, amabwera kudzagwedeza loko. Ukatsuka mbale, amaitsukanso uli pomwepo. Ndakhala naye nyumba imodzi ku komboni ya George chikwatiwire ndi mlongo wake Silas, ndipo ndiwo zathu zinkawawa mchere, chifukwa ine ndikathira n'kutuluka, iye ankathiranso.

Anakulira pa kiyosiki ya madzi, akutsegulira anthu mpopi. Zinkamupweteka mtima kuona azimayi akuzungulira komboni yonse ndi zigubu, kufunafuna kumene madzi akutuluka. Anadziphunzitsa yekha kulemba mapulogalamu pa laputopu yakale ya kutchalitchi, n'kupanga kapulogalamu kake. Ogulitsa madzi akatumiza uthenga, kapulogalamuko kankauika pa tsamba la mchezo la komboni, pamodzi ndi linki ya mapu yoloza kiyosikiyo.

Sabata yoyamba inali ya manyazi okhaokha. Munthu akadina linki, mapu ankatseguka osaloza paliponse. Mayi Kapambwe, mkulu wa ogulitsa madzi, anafika pakhomo atagwira m'chiuno.

"Ba Towela, vinthu vanu vitizungulitsa chabe. Ngati sivisebenza pofika pa Sondo, tizaleka kukutumilani mamesej."

Towela anapeza pomwe pankavuta. Mu linki muli kachizindikiro aka, &, kolumikiza mbali ziwiri za malo. Makompyuta ena amakatenga ngati lamulo, ndiye potumiza amakabisa pokalemba kuti &amp;. Towela anali atachita zimenezo mosamala, monga mwa chikhalidwe chake. Koma pa tsamba kankatuluka kali &amp;amp;, linki n'kuduka pomwepo. Anatukwana eni tsamba, anawonjezera mizere ina yotetezera m'kapulogalamu kake, zinthu zinangoipiraipira. Ndinamumvera chisoni, ngakhale pang'ono mumtima ndinkaseka.

Loweruka masana tinakhala pansi kudya. Silas anangolawa kapenta n'kukwinya nkhope.

"Nindani waika mchele?"

"Ine," tinayankha tonse awiri.

Towela anaimitsa dzanja m'mwamba. Kenako anandiyang'ana.

"Mulamu, na baja ba tsamba bamaika kale. Ine nibwela kuikilako futi."

Anali atazindikira kuti tsamba la mchezolo limabisa lokha kachizindikiro kalikonse kamene lalandira. Kake kankafika kobisidwa kale, tsamba n'kukabisanso, pomwe foni ya wodina linki imavundukula kamodzi kokha. Anasamba m'manja n'kutsegula laputopu. Mankhwala ake anali kufufuta mzere wake wobisa kachizindikiro uja, womwe ankaunyadira, n'kusiyira anthu osawadziwa ntchitoyo. Chala chinakhala nthawi pamwamba pa batani. Ndinaona ndi maso anga kuti zikumuwawa, koma anadina.

M'mawa mwake madzi anatuluka kukiyosiki ya kuseri kwa msika. Linki inaloza pamalo penipeni, ndipo azimayi analunjika komweko osafunsa munthu. Pochokera kutchalitchi, Mayi Kapambwe anatulukira akuvina, gulu lili pambuyo ndi nthungululu. Anavula chitenje chapamwamba n'kumuyalira Towela kuti apondepo. Ine ndi amene ndinaliza nthungululu kuposa onse, sindibisa. Lero ogulitsa madzi a m'makomboni a Matero ndi Kanyama nawonso amamutumizira mauthenga.

Madzulo a tsiku la nthungululu lija ndinathira mchere m'ndiwo, ndinatuluka, n'kusuzumira pazenera. Towela anafika pa mbaula, mchere uli kale m'manja. Anayang'ana poto, anapuma kwambiri, n'kuubwezera m'chitini. Silas anapempha ndiwo zina.