Iwo Anabwera Kudzaika Khoma, Ife Tinkaika Bambo

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire. Kunena zoona sindinagone, ndinangotsamira chipupa cha nyumba ya siwa, miyendo itachita dzanzi pansi pa chitenje. Amayi a mpingo amene anachezera kuimba anali atasasa mawu, ena akusinza chokhala. Bokosi la bambo linali pakati pa chipinda. Mayi anga anakhala kumutu kwake, maso ali gwa, osalira.

Panja kunali chisanu cha mwezi wa Juni, chija cholowa m'mafupa. Mudzi wathu uli pamtunda, chakumtunda kwa Nsipe, ndipo chifunga chinali chitaphimba minda ya kachewere mpaka kumsewu waukulu. Azibambo anazungulira chitsa chimene chinayaka usiku wonse. Kuseri kwa nyumba azimayi anali atasonkha kale moto, ena akuwaza nkhuni, ena akudula kabichi, nyemba zili pamafuwa. Adzukulu ananyamuka ndi makasu kudakali mdima. Pakati pawo panali mkulu wina wowonda, amene ife ana tinakula tikumutchula kuti amalume a ku Sharpevale, ngakhale si m'bale wathu wamagazi. Adzukulu anawaletsa kuti ndi achikulire, akhale pamoto. Iwo anatola khasu n'kutsogola.

Bambo anga anali goloboyi. Zaka zoposa makumi atatu zapitazo, timu ya m'boma lathu lino, ya majezi obiriwira, inali ndi chaka chimodzi chimene anthu akuchikambabe mpaka lero. Inagonjetsa matimu a m'tauni oyenda pa basi, pamene anyamata athu ankapita kumasewero atakwera lole ya kabichi. Ochemerera anawapatsa bambo dzina loti Khoma. Womwetsa zigoli wa chaka chimenecho ankamutcha Mphezi, ndipo Mpheziyo ndi amalume a ku Sharpevale aja.

Pa masewero otsiriza a chakacho bambo anapondedwa m'chiuno ndi padzanja. Anapirira mpaka mpira unatha, koma sanasewerenso. Ine ndinawadziwa akutsimphina, zala ziwiri za kumanzere zitapindika moti khasu ankaligwira mwa mtundu wawowawo. Zaka ziwiri zomaliza za moyo wawo anafa ziwalo mbali imodzi. Ndinasiya makina anga osokera ku Manjawira kudzathandiza mayi kuwasambitsa ndi kuwatembenuza. Tinalembera akuluakulu a timu ija kawiri konse, kupempha njinga ya olumala yokha basi, kuti munthu aziothako dzuwa panja. Yankho silinabwere. Amene ankabwera ndi amalume a ku Sharpevale, mwezi ndi mwezi, kupalasa njinga chitunda chonsecho, kathumba ka mpunga pakaliyala ndi lezala lometera mnzawo ndevu.

Kutayera, anthu anayamba kufika. Anabwera a mpingo, a m'midzi yoyandikana nafe, ndi amalonda a pa Nsipe amene ankagula kachewere wa bambo. Ankafika mwakachetechete, azimayi kulowa m'nyumba kukakhuza, azibambo kukhala pansi pa mitengo. Dzuwa silinaoneke. Chifunga chinangokwera pang'ono n'kusanduka mitambo.

Cha m'ma naini tinamva mahutala. Anali maminibasi awiri ndi galimoto ina yakuda, mbendera zobiriwira zili pamawindo. Mlamu wanga anali ataika chithunzi cha bambo pafoni tsiku limene bambowo anatisiya, ndipo uthenga unayenda mpaka m'matauni. Anatsika azibambo a imvi, a mimba zawo, atavala majezi atsopano. Majezi ena anali atasindikizidwa nkhope ya bambo ali mnyamata, atakumbatira mpira pachifuwa. Ndinayang'ana majeziwo pazenera mtima ukundiwawa. Masiku awiri anawakwanira kusindikiza nkhope ya munthu pa malaya, koma zaka ziwiri sizinawakwanire kuyankha kalata.

Analowa m'nyumba atatuatatu, kugwira mayi dzanja n'kutuluka. Panja anakhala pa mipando imene tinabwereka kusukulu kuti pakhale akulu a mpingo. Palibe anawachotsa, poti anali alendo. Posakhalitsa macheza anayamba. Ndinatuluka kukathandiza kupereka madzi osamba m'manja, ndipo ndinamva zonse. Ankakangana za penate ina imene bambo anagwira, wina akuti anagwera kumanja, wina akuti kumanzere. Wina anaimirira kuti aonetse mmene anadumphira, anzake n'kuseka. Ankakumbutsana za oyimbira amene anathawa pabwalo, za mvula imene inagwa pa masewero ena, za mmene anthu anavinira mumsewu mpaka magalimoto kuima. Ankati mpira weniweni unatha chaka chimenecho, anyamata a lero ndi a tsitsi ndi mafoni chabe. Wina analiza vuvuzela, mkulu wa mpingo n'kupita kukamupempha kuti asiye. Ndinawathirira madzi onsewo, mmodzimmodzi. Palibe ngakhale mmodzi anandifunsa kuti bambo anadwala chiyani, kapena kuti ine ndine ndani.

Nthawi yoona nkhope itakwana, alendowo anafola nawo pamzere. Awiri anatulutsa mafoni kuti ajambule nkhope ya bambo ali m'bokosi. Atsibweni anga, mlongo wa mayi, anatchinga ndi dzanja n'kuwauza kuti kuno sitichita zimenezo. Anabweza mafoniwo m'thumba monyinyirika, ngati tawamana chinthu chawo.

Mwambo unayamba bokosi litatulutsidwa pabwalo. Atsibweni anawerenga mbiri ya malemu mwachidule. Kenaka mtsogoleri wa alendo aja, wovala jekete pamwamba pa jezi, anapempha kuti alankhuleko. Anapatsidwa mphindi zochepa koma anatenga nthawi yaitali kuposa ulaliki. Ananena za chaka chija kuyambira masewero oyamba mpaka otsiriza. Anati Khoma wamwalira atadwala kwa nthawi yochepa. Anati timu ndi banja limodzi, ndipo banja silitaya mwana wake. Analonjeza kuti adzakhazikitsa chikho cha dzina la bambo. Anzake anaomba m'manja, pamaliro. Ndinayang'ana mayi. Anali ataweramitsa mutu, akupotokola ngodya ya chitenje chawo.

Ulaliki utatha kunayamba mvula yowaza, yozizira. Uthenga unabwera kuti kumanda zonse zatheka. Adzukulu anabwera kudzanyamula bokosi, koma alendo aja anawapitirira. Anayala mbendera yawo yobiriwira pamwamba pa nsalu yoyera ya mpingo, n'kugwira bokosi mbali zonse. Amayi a mpingo anayambitsa nyimbo ya ulendo wa kumanda, koma inamira m'nyimbo ya alendowo, ya kubwalo la mpira, yotchula Khoma kumbuyo ndi Mphezi kutsogolo.

Apo ndi pamene amalume a ku Sharpevale anafika kuchokera kumanda. Anali ndi dothi lofiira mpaka m'mawondo, malaya atanyowa, kuphazi nsapato za matayala. Anayenda molunjika kubokosi n'kutambasula dzanja kuti agwire chakumutu. Bambo wina wa jezi yatsopano anawakankha ndi chigongono.

"Madala, tapatukani. Apa ndi pa anthu a timu."

Pansi panali poterera. Amalume anadzandira n'kugwa chokhala m'matope. Nyimbo sinaime. Anapitiriza kuimba za Mphezi, Mpheziyo ali pansi pamapazi awo.

Ine ndinali kumbuyo ndi azimayi, nditagwirizira mayi. Mwana wamkazi wa malemu sayenera kukweza mawu pa nthawi ngati imeneyo, ndipo ndikudziwa kuti ena akundinenabe. Koma ndinasiya dzanja la mayi, ndinadutsa pakati pa anthu n'kukaima kutsogolo kwa bokosi.

"Tsitsani bokosilo," ndinatero. Sanamve, ndiye ndinakuwa. "Ndati tsitsani bambo anga! Mukuimba ndani? Mphezi wanuyo ndi awa mwawagwetsawa. Awa ndi amene akumba manda. Inu munali kuti zaka ziwiri zonsezi, munthu akuwola msana pamphasa?"

Nyimbo inaduka. Anatsitsa bokosi pa mabenchi. Kunangomveka mvula pa malata. Ndinanena zina zambiri zimene sindikuzikumbukira bwino. Ndikukumbuka kuti ndinatchula za makalata aja, ndipo mtsogoleri wawo anayang'ana kumbali.

Adzukulu awiri anadzutsa amalume. Alendo aja anawayang'anitsitsa, kuyambira kumaso mpaka ku nsapato za matayala. Wina ananong'ona kuti ndi iyeyo ndithu, taonani chipsera cha pachipumi. Ndinkayesa achita manyazi. Ena anachitadi. Koma ena anatulutsanso mafoni, kuyamba kudzipanikiza pambali pa amalume kuti ajambulitse nawo. Yemwe anawakankha uja ndi amene anali patsogolo, akuvula jezi yake kuti awaveke.

Amalume anaikana jeziyo ndi dzanja. Sanakweze mawu.

"Ine ndabwera kudzaika mnzanga," anatero. "Tipatseni njira."

Atsibweni anachotsa mbendera ija pabokosi, anaipinda bwinobwino n'kuipereka kwa mtsogoleri wa alendo. Adzukulu ananyamula bokosi, amalume atagwira chakumutu. Amayi a mpingo anayambitsanso nyimbo yawo, ndipo ulendo uno inamveka.

Njira ya kumanda kwathu imadutsa m'mphepete mwa dimba la bambo, kenaka imakwera kachitunda ka miyala. Tinayenda pang'onopang'ono chifukwa cha kuterera. Anthu ankalandirana bokosi monga mwa mwambo, koma amalume sanalole kulandiridwa mpaka tinafika. Alendo aja ankabwera kumbuyo kwenikweni, nsapato zawo zabwino zitalemera ndi matope. Ena anabwerera panjira kukakhala m'maminibasi.

Kumanda zonse zinayenda mwachangu chifukwa cha mvula. Bokosi litatsitsidwa, mayi analira koyamba chimwalirireni bambo, kulira kwa pansipansi. Adzukulu anakwirira, tinaika nkhata za maluwa, mkulu wa mpingo anatseka ndi pemphero.

Tikubalalika, mmodzi wa alendo aja anandiyandikira. Anali wachikulire kuposa anzake, jezi yake yakale, yosuluka, yosokedwa pamapewa. Anavula chipewa mvula ikumugwera pamutu. Anandiuza kuti chaka chija ankayenda wapansi kuchokera ku Manjawira kukaonera bambo akusewera, ndipo m'moyo wake wonse sanasangalaleponso ngati nthawi imeneyo. Misozi inkatsika m'masaya mwake.

"Mayi, tikhululukireni," anatero. "Ine ndinkayesa anamwalira kalekale."

Ndinamukhulupirira, ndipo chimenecho ndi chimene chinandipweteka koposa. Munthu ameneyu anandiuza yekha kuti amadutsa pa Nsipe kawirikawiri. Kuchoka pamsewu kufika pakhomo pathu ndi ulendo woti tiyi sangazizire. Zaka zonsezi wakhala akukamba za Khoma m'mabala ndi m'maminibasi, osafunsako n'kamodzi komwe ngati munthuyo ali moyo. Sindinamuyankhe mwachipongwe. Ndinangomuuza kuti anali moyo mpaka Lachiwiri, ndipo ankakonda alendo.

Titabwerera kunyumba anthu anadya n'kuyamba kutsanzika. Alendo aja anadya mofulumira. Mtsogoleri wawo anauza atsibweni kuti za chikho zija adzatiimbira foni, koma sanafunse nambala ya munthu aliyense. Maminibasi anatsika kumsewu opanda mahutala. Amalume a ku Sharpevale tinawaumiriza kuti agone, koma anati mpunga wawo uli pa nthawi yoopsa ndi mbalame. Anasamba miyendo, anagwira mayi dzanja nthawi yaitali, n'kukankha njinga yawo kutsika chitunda.

Pofika madzulo mvula inali italeka. Mipando inabwezedwa kusukulu, moto wa kuseri unazima, pabwalo panangotsala mapazi a anthu m'matope. Achibale ochepa amene anatsala anagona msanga m'nyumba ya atsibweni. Ine ndi mayi tinakhala awiri m'chipinda chija, mphasa zitapindidwa pakona. Ndinawapepesa chifukwa chokuwa pamaso pa anthu. Iwo anati:

"Chaka akuchitamacho ine ndinali ndi mimba yako. Ndinalima ndekha, ndinakolola ndekha. Mpira wawowo sindinauonepo ngakhale tsiku limodzi. Ine ndinkangoona mabala, Lamlungu lililonse, ndi madzi a mchere."

Anadzifunditsa bulangete n'kutembenukira kuchipupa.

Ndinakhala ndekha mpaka kunja kunayamba kuda. Kenaka ndinadzidzimuka kuti nthawi yapita, ndinanyamuka msanga kukatenga beseni ndi kuteleka madzi osambitsira bambo. Ndinafika mpaka pakhomo la khitchini, beseni lili m'manja. Ndinaima pamenepo kanthawi, ndinalibweza pamalo pake, n'kukatseka chitseko.