Tamva, Alangizi

Ntchito ya ulangizi wa ulimi anandipezera ndi azakhali ku Balaka. Anaimva pa wailesi, nkundikankha kuti ndikayese ku boma ku Machinga. Atandilemba ananditumiza kwa Kawinga, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, nkundipatsa njinga, magambuti ndi chingwe chobzalira cha mfundomfundo. Anandiuza kuti nyengo ikatha adzandiunika, ndikalephera ntchito yathera pomwepo.

Uthenga wanga unali umodzi: mbewu imodzi pa phando. Ndinkalalikira ngati m'busa, ndikamaliza nkufunsa, “Mwamva?” Alimi onse pamodzi, “Tamva, alangizi!” Ine mtima m'malo.

Anzanga ankati kuunikako ndi mwambo chabe, bwana amangosainira mu ofesi. Ha, sankawadziwa mayi Likoswe, mkulu wathu watsopano! Tsiku lake anafika pa njinga yamoto, osakhala ndi pansi pomwe. “Tiye kumunda,” anatero.

Ndinawatengera kwa bambo Mussa, mlimi amene sankajomba pa misonkhano yanga. Mayo ine! Chimanga chinali zitatuzitatu phando lililonse.

“Kodi alangizi anakuphunzitsani zotani?” anafunsa mayi aja. Bambo Mussa anabwereza mawu anga onse osaphonya.

“Nanga izi?”

“Imodzi ya mbewa, ina ya nkhanga, inayo yanga. Kuno mukabzala imodzi mwabzalira mbewa.”

“Munawauza alangizi?”

“Iyayi, sanafunse. Komanso mlendo sumutsutsa pa gulu.”

Ndinkayembekeza kukalipiridwa. Koma mayi Likoswe anangonditengera pambali. “Mwanawe, kuyankhula wakhoza, kufunsa ayi. Tamva si tavomera. Lero sindisaina, ndikupatsa nyengo ina.” Zinandiwawa, sindinama. Ndinawakwiyira mpaka Khirisimasi.

Chaka chotsatira ndinasiya “mwamva” uja. Ndinkakhala pa mzere nkumafunsa. Tinayamba ndi kulambula tchire m'mbali mwa minda ndi kutchera misampha, kenako bambo Mussa anandipatsako mizere ya pakona kuti tiyese njira yanga.

Mayi Likoswe atabweranso, bambo Mussa anandiimika pamaso pa mayiwo ndi alimi anzawo. “Alangizi, chimanga chanu chabereka, inde, koma chingwe chanuchi n'chochedwetsa. Mvula sidikira mfundo!” Ena anayamba kuwonjezera zawo, phokoso ndithu. Mumtima ndinati basi, ndikwere minibasi ya ku Balaka.

Nditacheuka ndinapeza mayi aja atatsamiza pepala pa chishalo cha njinga yamoto, akusaina uku akuseka.

“Akukutsutsa pa gulu,” anatero. “Ndiye kuti sulinso mlendo.”