Akuti kunyamula anthu a pamaliro ndi matola

Zaka zonsezi ndakhala ndikulipira inshuwalansi ya pikapu yanga osaphonya, lero akundiuza kuti ine ndimachita matola. Matola ake ati? Pamaliro?

Ine ndimagula nandolo ndi mpendadzuwa pa Migowi. Chaka chino nditapita kukadula inshuwalansi, ejenti wa kampani ina pa Boma anandionetsa mitengo iwiri. Yotchipa, akuti thedi pate, imalipira yekhayo amene wamugunda. Inayo, komprehensivu, K480,000. Ndinafunsa kusiyana kwake. Mawu ake ndikuwakumbukira bwinobwino: "Bwana, iyi ndi ya zonse. Kugwe chilichonse, inu muzingogona tulo." Ndinalipira pompo. Sanandifunse n'komwe kuti kumbuyo kwa galimotoyo ndimakwezako ndani.

Kwathu ku Kaduya kunagwa maliro, manda ali mudzi wina, patali ndithu. Aliyense wa kuno akudziwa kuti ukakhala ndi galimoto, tsiku la maliro si yako. Anthu amasonkha ya mafuta, kukupatsa m'manja, iwe n'kunyamula azimayi ndi okalamba. Ukakana, maliro akadzagwa pakhomo pako udzasenza bokosi wekha.

Pobwera kumanda, wa kabaza anatulukira pakanjira mwadzidzidzi. Ndinamuzemba, tayala linalowa m'ngalande, galimoto n'kugwa chammbali. Ambiri mwa amene ndinawanyamula anangosupuka. Koma a Estere, oyandikana nawo nyumba, mayi wamasiye wa ana atatu, anathyoka mwendo pawiri. Mayi ameneyu amalima yekha. Akapanda kuimirira, ana aja sadya.

Lipoti la apolisi ndinatenga. Ejenti uja foni anasiya kuyankha, pa ofesi pake loko ali lende. Ndinakwera minibasi mpaka ku likulu lawo ku Blantyre. Ndinafika 8 koloko m'mawa, anandiitana cha m'ma 2, ndisanadye kanthu. Mtsikana wa pa desiki, maso pa kompyuta, anandifunsa ngati anthu ndinanyamulawo analipira. Ine ndi chilungamo changachi ndinati ayi, anangosonkha ya mafuta monga timachitira pamaliro. Analemba. Ndinkamuona akulemba, osadziwa kuti ndikudzimanga ndekha.

Kenako anandilowetsa kwa abwana ake. Bamboyo, tayi pakhosi, anati inshuwalansi yanga ndi ya katundu ndi maulendo anga okha. Ndalama ikangotuluka m'thumba la wokwera n'kulowa mwa ine, amenewo ndi matola, ndiye sangalipire kalikonse. Anatinso okwera kumbuyo kwa pikapu sawerengedwa, pokhapokha ndikanawonjezera ina yapadera. Ndinati yapaderayo bwanji simunandiuze? Ndikanalipira! Anati zonse zili papepala. Eya zilipodi, m'Chingerezi, timalemba tating'ono ngati mbewu za fodya. Ndinati koma ejenti wanu anati ndi ya zonse. Anamwetulira, amvekere, "Zonse zimene zalembedwa, bambo."

Apa mtima unandikwera. Ndinawafunsa ngati kwawo sikugwa maliro. Ndinawafunsa ngati anthu a kumudzi kwawo amapita kumanda pa ndege. Yankho lawo linali kuitana mlonda.

Galimoto ili pa galaja ku Migowi, ikudyedwa ndi dzimbiri. Imeneyo isiyeni, chitsulo chimagulidwa. Chikundisowetsa mtendere ndi a Estere. Ali gone pamphasa, chikhakha mpaka m'ntchafu, ndipo kuchipatala akuti mwina fupalo lifunika kumangidwa ndi chitsulo ku Blantyre. Ndikapita kukawazonda sadandaula. Amangoti, "Achimwene, inu munkatithandiza. Ngozi ndi ngozi." Bola akanandilalatira, abale. Ndimatuluka m'nyumbamo manyazi atandigwira, chonsecho ndinalipira yodula ija kuti zoterezi zisadzandipeze manja ali m'khosi.

Tsono inu a kampani, ndiyankheni. Mumagulitsa inshuwalansi ku Phalombe osadziwa kuti pikapu ya kumudzi imanyamula chiyani? Kapena mumadziwa bwino lomwe, n'chifukwa chake mumakhala duu mpaka ndalama italowa? Nanga ejenti wanu wathawira kuti, poti risiti ili ndi chidindo chanu?

Anzanga a magalimoto, musamangofunsa mtengo. Musanapereke ngakhale tambala, afunseni mosapsatira: ndikanyamula anthu a pamaliro atasonkha ya mafuta, wina n'kuvulala, mulipira? Akati eya, alembe m'Chichewa, asayine. Akayamba kukanda mutu, nyamukani ndi ndalama zanu.

Mvula yayamba, anthu ku Kaduya abzala kale. Munda wa a Estere ulibe ngakhale mzere umodzi. Mawa tikukalima kumeneko ine ndi mkazi wanga, wathu udikire. Mizere tipanga, chimanga tibzala. Koma mwendo wa mayi uja sindingauchize ndi khasu, ndipo amene ndinawalipira kuti adzathandize pa tsiku ngati ili akuti si nkhani yawo.