Rauta Ndinaipha Ndine

Ku ofesi ya alimi ku Mandimba, makompyuta ndimayang'anira ndine. Tsiku lina mayi wina, katswiri wochokera ku Cuamba, anandichenjeza za rauta yathu, kabokosi kogawa intaneti. "Bambo, polemba malamulo paja musayerekeze kulembapo %s%n. Kali ndi chilema, kamayesa mwakatuma, kenako mutu umasokonekera."

Mtima wanga unapsa. Zaka zonsezi, lero andiphunzitse ntchito? Mayiyo atangokwera chapa, minibasi yobwerera kwawo, ndinalemba zomwezo, kanayi konse. Timagetsi take tinaphethira, basi zii. Apo n'kuti alimi ali pamzere panja kudikira kulembetsa mbewu.

Shefi, mkulu wa ofesi yathu, atafunsa, ndinaloza a Saide, mlonda wathu wokalamba. "Ndi awa! Amazula mawaya kuti atchaje foni!" Ndinakalipa mpaka ine ndemwe ndinayamba kukhulupirira.

A Saide anavula chipewa. "Pepani bambo, mwina ndinakhudza osadziwa." Shefi anawauza kuti akadzabwereza, ntchito yatha.

Rauta ija ndinangoizimitsa n'kuiyatsanso, intaneti n'kubwerera, anthu n'kundiyamika. Mpaka lero a Saide amakatchaja foni kumsika, ndipo akalowa mu ofesi mwanga amayenda manja kumbuyo.