Mtanda wa Pensulo

Chaka chimene thonje linatikana ndinaganiza zopita ku Joni, ndipo sindinafunse munthu. Ndinagulitsa njinga ndi mbuzi ziwiri. M'mawa wa ulendo, amayi ali kudimba, ndinatsegula sutikesi yawo n'kutenga chithunzi. Kunali kuba ndithu, ndisabise.

Chinali cha tsiku lotsegulira katchalitchi kathu pa Phalula: mpingo wonse utandanda pakhomo, amayi ali ndi duku loyera, ine kamwana nditagwira chitenje chawo. Amayi sankakonda kujambulitsa. Nkhope yawo inali pamenepo basi.

Ku Joni ndinkasakaniza simenti kwa omanga nyumba. Mwezi ukayenda bwino ndinkatumiza kangachepe, ukavuta ndinkangozimitsa foni. Lamlungu ndiye linkawawa. Ndinkatulutsa chithunzicho n'kumatchula mayina a anthu mmodzimmodzi, kuti pakamwa pangomveka Chichewa. Chaka chachinayi moto unabuka m'tinyumba tathu ta malata ine ndili kuntchito, ndinapeza phulusa lokhalokha, chithunzi chija chitapsera momwemo. Patatha zaka ziwiri amayi anamwalira. Mapepala anga anali atatha, ndinaopa kuti ndikatuluka sindidzalowanso, moti maliro a mayi wondibala ndinawamvera pa foni. Manyazi ake ndikadali nawo.

Chaka chatha achemwali anga a Esinati, amene anadwazika amayi, anandiimbira.

“Achimwene, chiliza tikumanga mu Ogasiti, ndiye tikufuna nkhope ya amayi iikidwepo. Chithunzi chija tikudziwa kuti munatenga ndinu.”

“Chilipo,” ndinatero.

“Zotumiza pa foni iyayi. Mubwere nacho pamanja.”

Bodza limeneli linandidya miyezi itatu. Kenako ndinakumbukira kuti wojambula anatsuka zithunzi ziwiri. China anatenga mayi Namakhwa, amene ankatsogolera kwaya, ndipo ndinali nditamva kuti anasamukira kwa mwana wawo ku Chikweo.

Basi itafika pa Phalula sindinatsike. Ndinabisa nkhope m'chipewa, bambo wandevu kuzemba kwawo ngati wakuba nkhuku. Ndinadutsa Balaka ndi Liwonde, pa Ntaja n'kukwera kabaza, njira yonse ndikudzifunsa: nanga akapezeka kuti anamwalira, kapena chiswe chinadya chithunzicho?

Mayi Namakhwa ndinawapeza akusenda chinangwa. Nditadzifotokoza analowa m'nyumba n'kutuluka ndi buku la nyimbo lomanga ndi mphira. Chithunzi chinalimo.

Chinali chodzaza ndi timitanda. Aliyense akamwalira, mayiwa ankamulemba mtanda ndi bolopeni. Wa amayi unagwera pankhope penipeni, wotsindika mpaka pepala kuboola. Panatsala duku lokha.

“Ndimafuna pachifuwa, mwananga, koma maso anandithawa,” anatero.

Apo m'pamene ndinaona kuti pamutu pa kamwana kogwira chitenje paja palinso mtanda, koma wotuwa.

“Nanga uwu, amayi? Ine si ndili moyo?”

“A bolopeni ndi a kumanda. A pensulo ndi a ku Joni. Ena mwa iwo ndinadutsitsamo kale bolopeni.” Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. “Tengani, mukawaonetse achemwali anuwo.”

Mawa lake ndinatsika pa Phalula dzuwa lili pamutu. A Esinati anali pakhonde akutola nandolo, imvi zitayamba. Sanadzuke. Ndinakhala pansi n'kuulula zonse, za sutikesi, za moto, za bodza, kenako ndinawapatsa chithunzicho. Anachiyang'ana nthawi yaitali, ine ndikudikira kuti andithamangitse.

“Za moto tinamva kalekale kwa anzanu,” anatero. “Nkhope ya amayi ndaipukuta ndekha miyezi isanu ndi iwiri, sindingaiiwale. Pa chiliza tilembapo dzina basi. Koma ndikanati mungobwera, mukanabwera inu?”

Ankanena zoona, sindikanabwera.

Ananyowetsa chala ndi malovu n'kuyamba kufufuta pamutu pa kamwana kaja, pang'onopang'ono. Mtandawo unachoka, koma panatsala kabanga kotuwa. Chithunzicho chili pakhoma kwa achemwali, ndipo kabangako kalipobe.