Injini ya Pikapu M'kagalimoto ka Bambo

Bambo anga anagwira ntchito ya udalaivala kwa mzungu wina kuno ku Bulawayo, ndipo mzunguyo pochoka anawasiyira kagalimoto kachingelezi, kofiira, kopanda denga, ka mipando iwiri. Ku Sizinda, kumene tinkakhala, aliyense ankakadziwa. Kankatsokomola pachitunda chilichonse, koma kankafika. Akwatibwi ambiri a mabanja ochokera ku Malawi anapita kutchalitchi m'kagalimoto kameneka, amayi akuyenda pansi m'mbali mwake uku akuimba.

Ine ndine makaniko, ndipo masiku amenewo ndinkadzimva kwambiri. Ukwati wa mlongo wanga wamng'ono utayandikira, ndinawauza bambo kuti injini yawo yatha, ndiikamo yaikulu ya pikapu imene ndinaipeza ku Tshabalala. Zoti injini yawo yatha linali bodza. Ndinkangofuna kuti anzanga akugalaja aone zimene manja angawa amatha.

"Ikudwala chiyani?" anafunsa bambo.

"Ukalamba basi, ababa."

"Ndiye mawa uchotsanso ineyo?" Anaseka, n'kundipatsa makiyi.

Injini ya pikapu ija inakana kulowa. Ndinadula zitsulo, kuwotcherera, kukhoma ndi hamala mpaka inakhala. Malo a fani yoziziritsa injini anasowa, ndiye fani ndinaichotsa, rediyeta n'kusiya yakale yomweyo, yaing'ono. Ndinakayesa galimotoyo pa msewu wa ku Plumtree, ndikuthamanga ngati wakuba. Mphepo inkaziziritsa injini, ine n'kumadzitama. Kuyiyendetsa pang'onopang'ono sindinayeseko ngakhale kamodzi, chonsecho ndinakula ndikuona mmene maukwati athu amayendera.

Tsiku la ukwati mlongo wanga anakhala pambali panga, atavala diresi loyera. Tinanyamuka pa liwiro la miyendo ya amayi oimba aja. Bambo anali pambuyo, atavala suti yawo imodzi yokha ija. Tisanafike n'kumashopu komwe, muvi woonetsa kutentha kwa injini unali utakwera mpaka kumapeto. Ndinauona, koma ndinapitiriza kuyendetsa, ndikuganiza kuti mwina tifika. Kenako boneti inayamba kufuka nthunzi, madzi adzimbiri akuchucha pansi, injini n'kuzima. Nyimbo inathera pakati.

"Achimwene, chachitika n'chiyani?" mlongo wanga anafunsa motsitsa mawu.

Mnansi wina anati aitane kombi, minibasi yonyamula anthu, koma mlongo wanga anapukusa mutu, misozi ili m'maso. Anzake onse anakafika patchalitchi m'galimoto ya bambo ake, nanga iye mwana weniweni akatsike m'kombi?

Bambo anabwera, natsegula boneti ndi mpango wawo wam'thumba. Anayang'ana malo opanda fani aja kwa nthawi ndithu. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandilalatira pamaso pa anthu onsewo. Anatseka boneti bwinobwino, navula jekete n'kupatsa amayi anga.

Ndinatsegula chitseko kuti nditsike ndikakankhe.

"Khala momwemo," anatero. "Pafunika wowongolera. Mwana wangayu akafika ali m'galimoto."

Abambo ena atatu anawathandiza, amayi oimba aja anayambanso nyimbo. Njira yotsalayo inali yachitunda. Ine ndinakhala pampando wofewa, manja pachiwongolero, mnyamata wamphamvu zake, ndikukankhidwa ndi nkhalamba ya zaka zoposa makumi asanu ndi awiri. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sanandichokebe. Pagalasi loonera kumbuyo ndinkaona mutu wawo wa imvi utawerama, ndipo injini itakhala chete choncho, ndinkamva bwinobwino mmene ankapumira.