Madzi otsala m'paipi

Ntchito yanga ndi yothirira mbande ku nazale ya tiyi. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwiretu kuti za mapaipi ndimazidziwa bwino, ndiye kupusa kumene ndifotokoze pano kulibe pobisala.

Ndinakwatira ku Goliati, kuchikamwini. Akazi anga amathyola tiyi pa esiteti yomwe ndimagwira ineyo. Pobereka mwana wachisanu anataya magazi ambiri, moti ndinakhala panja pa wodi nditayamba kale kuganiza za matabwa a bokosi la maliro. Anachira, koma adokotala anatiuza mosabisa kuti mimba ina ikhoza kuwapha. Jekeseni wolera anamuyesa, sanawayanje. Kenako namwino wa pakiliniki ya esiteti anatchula njira yotseka abambo.

Ndinavomera, koma ndinalumbiritsa akazi anga kuti asauze munthu, ngakhale mayi awo. Kuno mwamuna wotseka amamutcha mfule, ngati mbuzi yonenepetsa, ndipo ine ndinali munthu womveka pa bawo.

Kuchipatala ndinapeza dokotala wamsinkhu wa mng'ono wanga. Analankhula zambiri. Ine thalauza lili m'maondo, maso ali kudenga, ndinkangoti eya, eya, kuti zithe msanga. Potuluka anandipatsa kapepala ndi makondomu. Ndinaganiza kuti wotseka atani nawo makondomu, ndipo zonse ndinaziponya m'chimbudzi cha pa siteji, poopa kuti ana angawerenge kapepalako. Safunsa anadya phula.

Bala linapola patangopita masiku. Mphamvu zinali zomwe zija, umuna unkatuluka monga kale, ndipo ndinkayenda modzimva kuti ndachitira mkazi wanga chinthu chachikulu. Patatha miyezi inayi, tikupalira chimanga kuseri kwa nyumba, akazi anga anaimika khasu.

"Bambo a ana, ndili ndi pakati."

"Pa ndani?"

"Mukundifunsa ine zimenezo?"

Ndine wopsa mtima msanga, ndipo pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu. Ndinanena kuti mimbayo si yanga, ndinanena mokweza, anthu a pa njira akumva. Madzulo omwewo ndinamanga zovala n'kukakhala kwa mnzanga ku komboni ya esiteti. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Kuti mimbayo ikhoza kuwapha, sindinakumbukire n'komwe.

Nkhani inafika ku sikelo, kumene othyola amayezetsa masamba masana. Ena ankati mwini mimba ndi a kapitawo, ena woyendetsa thirakitala. Akazi anga akafika ndi dengu, mzere unkakhala chete. Kumvano anawauza kuti ayambe apuma kaye. Iwo sanayankhe munthu, ndipo chinsinsi changa sanaulule.

Amalume awo, omwe ndi ankhoswe athu, ananditsatira ku nazale. Ndinawauza kuti ndili ndi umboni wanga.

"Umboni wosaoneka ndi ufiti, akamwini," iwo anatero. "Tulutsani."

Ndinaulula monong'ona. Sanaseke. Anangoti mawa tonse atatu tikaonane ndi amene anagwira mpeniyo.

Dokotala uja anandikumbukira. Anafunsa chifukwa chake sindinabwerere kudzayezetsa monga kapepala kananenera, ine n'kuyang'ana nsapato zanga. Anatenga cholembera n'kujambula pa pepala. Anati machende awiri aja ndiwo amapanga mbewu ya abambo, ndipo mbewuyo imakwera m'timachubu tiwiri, kamodzi mbali iliyonse. Madzi a umuna amapangidwa kwina, m'mwambamu pafupi ndi chikhodzodzo, n'chifukwa chake sindinaone kusintha. Iye anadula timachubuto basi. Pambali anajambula za amayi: thumba la mazira limatulutsa dzira limodzi pa mwezi, dziralo limatsika m'kanjira kake kupita ku chiberekero, ndipo likakumana ndi mbewu imodzi yokha, mimba yayamba.

"Mumagwira ntchito yanji, bambo?"

"Ndimathirira ku nazale."

"Mukatseka mpope, paipi imauma nthawi yomweyo?"

Tsiku lililonse ndikatseka mpope, madzi otsala m'paipi ndimathirira nawo mizere iwiri yathunthu.

Anati mbewu yomwe inali itadutsa kale pamalo odulawo imakhalabe yamoyo, n'chifukwa chake amati miyezi itatu ya makondomu, kenako kuyezetsa. Anawerenga masabata a mimba m'buku la sikelo ya amayi. Inayamba mwezi womwewo wa opaleshoni yanga. Kenako anasiya za ine n'kuyamba kulankhula ndi akazi anga za magazi awo ndi za kukadikirira kuchipatala mwezi womaliza. Apo m'pamene ndinachita mantha enieni, ndi manyazi omwe sindinawamvepo chibadwire.

Panja ndinayamba kupepesa. Akazi anga anandidula.

"Amene mwamva za adokotala ndi inu ndi amalume basi. Amene anamva zoyamba zija ali ku sikelo."

Ndinayesa kunena kuti ankhoswe akhoza kufalitsa. Amalume anapukusa mutu, nati amene anataya madzi ndiye awole. Ndipo kungonena kuti ndinatseka sikukanathandiza, chifukwa anthu akanati ndiye mkaziyo wagwidwadi. Ndinayenera kufotokoza zonse, mpaka timachubu.

Lachiwiri masana ndinapita ku sikelo. Madengu anali pa mzere, kalaliki akulemba. Ndinapempha a kapitawo mphindi zisanu. Ndinatola kamtengo ka tiyi wodulira n'kujambula pa dothi lofiira lija zimene dokotala anajambula, ngakhale zanga zinaoneka ngati mapeyala awiri. Ndinatchula ziwalo zanga ndi mayina ake, pamaso pa amayi a msinkhu wa apongozi anga. Ena anaphimba nkhope ndi zitenje. Mnyamata wina wothyola anamemesa ngati mbuzi, anthu n'kufa nacho chiseko. Mayi wina wachikulire anamukalipira m'Chilomwe, kenako anandiuza kuti ndibwereze za paipi zija, sanamvetse. Ndinabwereza. Ndinamaliza ndi kunena kuti mwanayo ndi wanga, mkazi wanga sanalakwe, wabodza ndi ine.

Dzina la mfule ndili nalo mpaka lero. Koma amuna atatu anabwera ku nazale, aliyense payekha, kudzafunsa ngati zimapweteka.

Akazi anga anayezetsa masamba awo, n'kukhuthula dengu, n'kudzaima pafupi nane.

"Ndamva. Mubwere kunyumba. Koma ndikafa kapena ndikakhala moyo, mwanayu akadzakula mudzamuuze nokha zimene munanena asanabadwe. Asadzazimve kwa anthu a pa njira."

Ndinavomera msangamsanga, poti tsikulo linkaoneka lakutali.

Anabereka mwa opaleshoni, ndipo anapulumuka. Mwana ndi wamkazi, ali ndi mpata wa m'mano ngati wanga. Pa ana onse ndi iye amene amandikonda kwambiri; ndikamaweruka amandichingamira pa mlatho n'kundilandira jombo. Chaka chino ali Sitandade 7, ndipo sabata yatha anabwera ndi kope lomwe anajambulamo ziwalo zoberekera, kuti ndimufunse mafunso a mayeso. Mayi ake anali pa khonde akusankha nyemba. Anakweza mutu n'kundiyang'ana.

Ndinauza mwanayo kuti maso akundiwawa, tidzaona mawa.